Jakisoni wa Atambala

Panali munthu wina mumzinda wa San Pedro de Macorís, kutsidya kwa nyanja, dzina lake Eladio, katswiri woponya mpira wa besibo, masewera amene wina amaponya kampira, wina n'kukamenya ndi chibonga. Tsiku lina mtsempha wa pachigongono chake unaduka ndipo timu yake inamusiya. Dokotala anausoka, n'kumuuza kuti adikire chaka, aziyamba pang'onopang'ono, ndipo akangomva kuwawa azisiya pomwepo.

Amalume ake, a Fermín, ndiwo ankamuwakhira mipira m'mawa uliwonse kuseri kwa munda wa nzimbe. Maso awo sankachoka pankhope yake. Akangoona tsinya, ankavula golovesi n'kumapita kwawo.

Chaka chisanathe, kunamveka kuti kukubwera munthu wosaka osewera wa timu ina ya ku Japan, ndipo akufuna kuona Eladio akuponya. A Fermín anakana. Anati dzanja likadali lanthete, mwayi wina udzabwera.

Lamlungu lake Eladio anapita kokaonera ndewu za atambala. Kumeneko munthu wina wachilendo anamuzindikira.

"Si iwe unkaliza amuna anzako pabwalo? Ndamva masiku ano ukuponya ngati ukupatsira mwana lalanje."

Anthu anaseka. Mlendo uja anamutengera pambali n'kumuonetsa kabotolo ka mankhwala amene ankabaya atambala ake kuti asamamve mabala.

"Wanga uyo diso latuluka, koma taona mmene akulumphira. Iwe ungachepe kwa tambala, achimwene?"

Eladio ananamiza amalume ake kuti dokotala walola. Mkuluyo anakhulupirira, ndipo anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti abwere adzaone mphwawo wadzuka. Tsiku litafika, Eladio anabayitsa jakisoni uja kuseri kwa galimoto ya mlendoyo n'kulowa m'bwalo.

Mipira yoyamba inkalira m'golovesi ngati mfuti. Wa ku Japan uja ankangogwedeza mutu. A Fermín, amene ananyonyomala n'kumawakha mipirayo, ankayang'ana nkhope, koma tsinya panalibe. Komabe ataona kuti mkono wayamba kutsika, anaimirira.

"Mphwanga, palibe chomwe ukumva?"

"Palibe, malume. Musandichititse manyazi, tanyonyomalani."

Mpira wotsatira unakagwera m'fumbi. Mkono unangoti lende. Eladio sanamve kuwawa kulikonse, anangoona zala zikukana kufumbata. Pofika nthawi imeneyo galimoto ya mlendo wa atambala uja inali itachoka kale.

Kuchipatala dokotala anati mtsempha wadukanso, ndipo za mpira aiwale. Kenako anatembenukira kwa a Fermín pamaso pa anamwino.

"Inu munthu wamkulu, woudziwa mpira, munamulola bwanji?"

A Fermín anayang'ana mphwawo. Eladio anatembenukira kukhoma. Mkuluyo anavula chipewa n'kunena kuti, "Ndalakwa, adokotala."

Mpaka lero anthu kumeneko amati a Fermín anawononga dzanja la mphwawo chifukwa cha phuma, ndipo makolo anasiya kuwatumizira ana kuti awaphunzitse mpira. Iwo sanatsutsepo. Eladio amanyamula anthu panjinga yamoto, ndipo akaona amalume ake ataima pamsewu kudikira yokwera, amakhotera njira ina.

Phunziro: Kuwawa si mdani, kumakuuza pomwe uyenera kulekezera. Malemu mkazi wanga ankati amene amakuletsa ndiye amakukonda, wokuchemerera sadzakhala nawe kuchipatala. Ndipo ukalakwa, usalole wosalakwa asenze manyazi ako. Tumizirani ena, makamaka achinyamata amene akuthamangira mwayi thupi lisanachire.