Telala ndi M'bale Wake wa Penisilini

Sunthirani kuno pang'ono, abale anga, iyi si nkhani yokuwa. Ndinaimva kwa woona ndi maso.

Panali telala wina amene thupi lake linkakana penisilini. Atamubaya kalekale anatupa nkhope yonse. Mwana wake wamkazi, nesi, ankamuuza kuti, "Ababa, mankhwala ali ndi mabanja ngati anthu. Dzina likathera ndi silini, ameneyo ndi m'bale wa penisilini. Musalole." Telala ankangoti "eya, eya," mapini ali kukamwa. Amene ankasunga mawuwo ndi mkazi wake, mayi wosadziwa kuwerenga koma wakuthwa makutu.

Tsiku lina sizasi inamucheka chala telala uja, bala n'kuchita mafinya. Mushopu munalowa bambo wina wachikwama kudzapinditsa thalauza.

Ataona chalacho anati, "Abwana, bala ili ndi la jakisoni mmodzi basi. Ndili naye wopha tizilombo tamitundumitundu, sasankha."

"Dzina lake ndani?" anafunsa mayi aja, akusita malaya.

"Ampisilini."

"Bambo a nesi, mwamva kumapetoko? Silini!"

"Iwe, uyu ndi ampi, uja anali peni," anatero telala. "Ndi anthu awiri."

"Ana athu mayina oyamba ndi osiyana. Nanga lomaliza, si lanu lomwelo?"

Wachikwama anaseka. "Amayi, malaya akupsa."

Anabaya. Asanatseke n'komwe chikwama, milomo ya telala inatupa, mpweya n'kumalira ngati likhweru. Wachikwama analiyatsa liwiro, thalauza kulisiya pamashini.

Mayi sanayambe ndi kulira. Anatola kabotolo ka jakisoniyo, anaima pakati pa msewu mpaka galimoto inaima n'kuwanyamula ndi mwamuna wake. Pakhomo la chipatala anakuwa, "Penisilini amawakana, ndiye awabaya m'bale wake, ampisilini! Botolo ili!"

Madokotala sanataye nthawi n'kufufuza. Munthu anapumanso. Dokotala wamkulu anati, "Mayi, mwatifupikitsira njira."

Atachira, telala anasokerera kansalu pakolala ya malaya ake onse, kolembedwa kuti SILINI AYI. Makasitomala akafunsa ngati ndi dzina la kampani, amakoka kolala monyada n'kuti, "Ayi, imeneyi ndi digiri ya akazi anga."

Thalauza lija likadali pamsomali. Mwini wake sanabwere.

Phunziro: Dzina la mankhwala lingasinthe kutsogolo, banja n'kukhala lomwelo. Jakisoni abaye ndi achipatala, ndipo muziwauza mankhwala amene thupi lanu limakana. Chonde, nkhaniyi isagone mufoni mwanu, ipatsireniko amene mumawakonda.