Kanyundo ka Ustad Barkat

Taimur anali ataizungulira galimotoyo katatu, ndipo ulendo uliwonse ankaimira pa matayala.

"Taonani marimu awa, achimwene! Akuluakulu ngati thireyi za paukwati. Ndikangotulukira nayo kwathu, anthu akathyoka makosi."

Inali galimoto yofiira, ya zitseko ziwiri, yogona pansi ngati ikufuna kunyambita msewu. Mwini wake ankaipukuta ndi kansalu ngakhale inali yowala kale. Dzuwa la ku Karachi linali litakwera, ndipo msika wa magalimoto wa Lamulungu unali utadzaza thothotho.

Shahzeb anagwedeza mutu ngati katswiri. Lachisanu likudzalo makolo ake amayenera kukaonekera kwa makolo a Mahnoor, mlongo wake wa Taimur, kukapempha ukwati. Kwa Mahnoor kunali mlonda pageti ndi maluwa othiriridwa kawiri patsiku. Tsiku lina atafunsidwa za kwawo, Shahzeb anangoti, "Bambo ali mu bizinesi ya magalimoto." Sanawonjezerepo kanthu. N'chifukwa chake lero anatengedwa kuti adzapereke malangizo.

"Ili bwino," anatero. "Injini ikulira bwinobwino."

"Timveko kwa wina," anatero Taimur, nakweza dzanja. "Ustad! Tafikani kuno!"

Shahzeb anacheuka. Pakati pa magalimoto pankabwera nkhalamba yovala malaya aatali othimbirira ndi girisi, patapata womanga ndi waya, kanyundo kali m'manja. Anali Ustad Barkat, ndiko kuti mmisiri Barkat, wowongola marimu a matayala. Anali bambo ake a Shahzeb. Iye ankadziwa kuti Lamulungu bambowo amakhala kugalaja, kutsidya lina la mzinda.

Nkhope ya mkuluyo inawala, pakamwa panayamba kutseguka. Shahzeb anatulutsa foni n'kuyamba kuiyang'anitsitsa. Mkuluyo anaona shati yosita ija, nsapato zonyezimira, wotchi ya Taimur. Anatseka pakamwa.

"Salamu, mabwana," anatero motsitsa mawu.

Mawu akuti mabwanawo anamulasa Shahzeb pachifuwa, koma sanadzutse mutu.

Ustad Barkat anagwada pafumbi. Anagogoda limu lakutsogolo, linalira ngati belu. Anagogoda lakumbuyo, linangoti phu.

"Mwamva? Limeneli linasweka, analiwotcherera mkati n'kupaka penti. Galimoto ngati iyi musamayambire kuona injini, bwana, yambirani pansi. Marimu aakulu amafuna tayala lopyapyala ngati chapati. Misewu yathuyi mukuidziwa. Dzenje limodzi, limu lapindika. Mukathamanga, chiwongolero chizinjenjemera ngati chili ndi malungo."

"Iwe nkhalamba, wakuitana ndani?" anakalipa mwini galimoto.

"Ndine," anayankha Taimur. Kenako anatembenukira kwa Shahzeb. "Inu mukuti bwanji, achimwene? Akuluwa mukuwadziwa?"

Shahzeb anayang'ana kumbali.

"Ndimangowaona muno," anatero. Ndipo poopa kuti bata limugwiritsa, anawonjezera, "Anthu awa amakonda kukokomeza."

Mkuluyo sanamuyang'ane. Anapisa dzanja kuseri kwa tayala.

"Bwanawa akunena zoona, ife okalamba mantha ndi ambiri. Koma tapisani dzanja apa. Tayala lakhala likukhula bodi pokhota, mpaka chitsulo chaoneka. Galimotoyi sinabadwe ndi miyendo imeneyi. Ngati mwaikonda, auzeni abwezeretse marimu ake enieni. Apo ayi, isiyeni. Muli ndi amayi anu kunyumba."

Shahzeb anayang'ana dzanja limenelo. Chala chapakati chinali chokhota kuyambira chaka chimene jeke inaterereka, iye ali kukoleji. Bambo ake anangomanga chalacho ndi kansanza n'kubwerera pansi pa galimoto, kuti mwana asasiye sukulu.

Taimur anapisa dzanja, nalitulutsa lili ndi dzimbiri. Anaimba mluzu.

"Mwandipulumutsa, Ustad. Tiyeni timwe tiyi."

"Zikomo, bwana, ndamwa kale."

Mkuluyo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anapukuta dzanja pamalaya ngati akufuna kupereka moni, koma ataliona mmene linalili, anangoliika pamtima. Kenako analowa m'chigulu cha anthu.

Shahzeb anafuna kuthamanga, kuwagwira mkono, kufuula kuti bambo. Koma sanatero. Choipitsitsa n'chakuti pansi pa manyaziwo ankamva kampumulo, ndipo mutu unali utayamba kale kuluka bodza lina. Lachisanu Taimur akawazindikira. Ndiye anene kuti bambo adwala? Atume amalume ake, amene ali ndi suti? Anadzinyansa, koma anapitiriza kulingalira.

Awiriwo anayenda mpaka pomwe anaimika galimoto imene anabwera nayo. Taimur anatsegula chitseko chake, koma cha Shahzeb sanatsegule. Anatsamira denga, n'kumuyang'ana.

"Pepani kuti galimoto ija yakanika," anatero Shahzeb.

"Sindinabwere kudzagula galimoto," anatero Taimur. "Ustad Barkat akhala akukonza matayala a bambo anga zaka makumi awiri. Bambo atamva kuti ndinu mwana wa Ustad, anati palibenso chofufuza, Mahnoor akwatiwe nanu. Amayi ndi amene anati ndiyambe ndaona mmene mumaimira pambali pa bambo anu."