Tsamba la Khofi m'Buku la Amosi

Mwezi uno a gulu la owerenga mabuku ku Misuku anagwirizana kuti aliyense awerenge buku limene wina analisiyira panjira.

Doreen, mmodzi wa gululo, sanavutike n'kufunafuna. Anakoka sutikesi ya mwamuna wake Amosi, mlonda wa nkhalango ya Mughese, yemwe analowa m'nkhalangomo mvula isanayambe koma mpaka lero sanatulukemo.

"Yayi, mulamu," anatero Temwa, mlongo wake wa Amosi, ataima pakhomo. "Katundu wa munthu timagwira maliro akatha. Ife sitinalire."

"Ndi buku chabe, alamu," anayankha Doreen akulitulutsa m'sutikesimo.

Doreen ankalidziwa bwino bukulo. Amosi ankaika tsamba la khofi pamene walekezera, ndipo Doreen analiona komaliza lili koyambirira kwenikweni, louma ngati fodya.

Atatsegula, koyambirira kunalibe kanthu. Anavundukula mapepala mpaka analipeza kumapeto, patatsala pepala limodzi lokha. Tsambalo linali lobiriwira, lonyowa, likununkha dothi la m'nkhalango.

Temwa anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pakamwa.

"Bwezerani msanga," ananong'ona. "Mwini wake akuwerengabe."