Mendulo ya Leston

Irene ankatsuka makapu kuseri kwa nyumba pamene anamva nyimbo ikubwera cha kumsewu. Anali abambo a bungwe la Yosefe Woyera la pa parishi, atavala malaya oyera ndi mataye abuluu, akuyenda pang'onopang'ono. Anthu a ku Kawale anasuzumira m'mipanda. Ena anayamba kufunsana ngati bambo Geoffrey atisiya.

Sanali maliro. Chaka chilichonse bungweli linkapereka mendulo kwa membala amene wasamala odwala kuposa anzake, ndipo mu 2005 mendulo inagwera Leston. Iye anakana kukailandirira kutchalitchi. Anati ngati n'kulandira, alandirire pomwe pagona wodwala wake.

Wodwalayo anali Geoffrey, mwamuna wa Irene. Ukwati wawo unadalitsidwa pa guwa. Koma Geoffrey atapeza ntchito kufodya ku Kanengo anapezanso mkazi wina, n'kusowa zaka zambiri osatumiza ngakhale sopo. Anabwerera pa wilibala, mafupa okhaokha, milomo itasweka. Mkazi winayo anali atamwalira kale. Irene sanafunse kanthu. Anangoyala mphasa pabalaza.

Poyamba abambo a bungwe ankabwera mosinthana, wina ndi shuga, wina ndi korona m'manja. Matenda atatalika, miyendo yawo inafupika. Anatsala Leston yekha, batchala wosoka nsapato pamsika. Ankamusambitsa Geoffrey, kumumeta ndevu, kumuchapira zofunda zimene ngakhale abale ake ankaziona patali. Mankhwala otalikitsa moyo atangofika kumene, anamukweza panjinga n'kukagona naye pamzere kuchipatala mpaka anamulemba.

Palibe amene ankakhulupirira kuti aphula kanthu. Bambo mfumu anali atamudzoza kale Geoffrey mafuta a odwala. Achibale ochokera ku Thyolo anali atabwera kudzazonda, maso ali pa mipando ndi pa malata. Irene nayenso anaonda. Lamulungu ankagwada kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, ndipo Misa ikatha ankatsalira, nkhope ili m'manja. Amayi a mumphakati ankalozerana: mkazi weniweni ndi uyo. Leston akafika pakhomo ankangopatsana moni ndi Irene, aliyense maso pansi, iye n'kulowa kwa wodwala.

Tsiku la mendulolo pabalaza panadzaza. Geoffrey anali pakona atafunda bulangete ngakhale kunja kunali kotentha. Irene analowa ndi thireyi ya makapu a thobwa n'kuima pafupi ndi chitseko.

A Grain, tcheyamani wa bungwe, anakonza tayi.

"Abale, tisanamizane. Enafe tikabweretsa shuga, tiyi wake timamwera konkuno," anatero, anthu n'kuseka. "Koma batchala uyu watichititsa manyazi tonse. A Leston, chatsala n'kukwatira basi. Mwamuna wodziwa kuchapa chonchi akungowonongeka."

Anthu anasekanso. Leston anangopukuta thukuta pamphumi.

A Grain anatulutsa mendulo m'kabokosi. Asanaitambasule, pakona paja panamveka mawu osasa.

"A tcheyamani, taimani. Ndimuveke ndine."

Geoffrey anakankha bulangete. Anagwira khoma ndi dzanja limodzi. Mawondo ananjenjemera ngati a mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Wina anathamanga kuti amugwire, iye anakana. Anaimirira. Chibwerereni pa wilibala paja, Irene anali asanamuonepo ataima yekha.

Anayenda. Mapazi ankakhwekhwereza pa simenti, koma anafika. Anaveka Leston mendulo m'khosi n'kumukumbatira. Panja amayi anaimba nthungululu.

"Ine ndi mchimwene wangayu tinakubisirani," anatero Geoffrey akupuma mwawefuwefu. "Takhala tikuyeserera kuyenda mayi akapita kumsika. Adokotala akuti ndikamamwa mankhwala mwandondomeko ndidzakalamba ngati wina aliyense." Anatembenukira kuchitseko. "Irene, mkazi wanga, ndinakulakwira. Pakhomo pano sindidzachokanso."

Thireyi inapulumuka m'manja mwa Irene. Thobwa linayenderera mpaka pansapato za alendo. Iye anatuluka akuthamanga, chitenje chili kukamwa.

"Asiyeni, ndi misozi ya chimwemwe imeneyo," anatero a Grain, nawonso akupukuta m'maso. "Apirira mayiwa. A Leston, mwazolowera pakhomo pano, takawatonthozani abwere tijambulitse."

Abambo anayambitsa nyimbo yothokoza. Leston anazungulira kuseri. Anamupeza Irene atakhala pansi pafupi ndi beseni la madzi otsukira, akulira mopanda mawu. Anaima patali pang'ono, monga mwa masiku onse.

"Mayi, akukuitanani."

Irene anadzutsa mutu. Tsikuli anamuyang'ana m'maso.

"Leston, unati tisachimwe. Unati tidikire Mulungu amutenge, tikakwatirane pa guwa anthu akuona. Nanga unamusamaliranji chonchi?"

"Ndinkafuna kuti tsiku lomuika m'manda tisadzakhale ndi chotitsutsa mumtima," anayankha Leston motsitsa mawu. "Sindinkadziwa kuti mankhwalawa amagwiradi ntchito."