Pikapu ya a Dizilo

Injini ziwiri zinali pansi, iliyonse pa thayala lake lakutha, ndipo a Dizilo ankazizungulira ngati munthu wosankha ng'ombe pamsika. Mkazi wawo anakhala pa benchi lalitali pafupi ndi chitseko cha galaja, mapazi akulendewera osafika pansi. Sanamuitane. Anangovala nsapato m'mawa n'kuwatsatira, chifukwa kwa miyezi inayi tsopano bambowo ankachoka pakhomo osanena kumene akupita.

Pikapu yawo inali pa zitsa pakona, yopanda matayala, boneti ili yasa, m'kati muli mbee ngati mbuzi yochotsa matumbo. Galimotoyo ndi imene inalera ana awo. Inkakwera msewu wa miyala wopita kumunda kwawo, kumene basi siifika, itasenza matumba, odwala, nthawi zina ndi maliro omwe. Inafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo nkhuku zinaikiramo mazira mpaka mwezi wathawu, pamene a Dizilo anaikokera kuno.

Makaniko anapukuta manja pa ovololo n'kuloza ndi sipanala.

"Iyi ya dizilo ndi m'bale wake wa yakale ija, bambo. Tikaimanga ndi giyabokosi ya pamanja, ya magiya asanu, palibe matope amene angakugwireni. Inayo ndi ya petulo, imabwera ndi otomatiki yake. Imayenda mofewa, koma mafuta imamwa ngati ili pa ukwati, ndipo ikadwalira kutchire palibe amene angaitsegule."

Mayiyo yankho ankalidziwa kale. Dzina la Dizilo silinagwe kumwamba. Zaka makumi atatu akuyendetsa malole, mwamuna wake ankauza aliyense womvetsera kuti petulo ndi madzi a m'tauni, ndipo galimoto yosintha yokha magiya ndi ya anthu amene mwendo wamanzere anaubwereka.

A Dizilo anagwada pambali pa injini ya dizilo. Anaisisita ndi manja onse awiri, pang'onopang'ono, chala chikutsata paipi iliyonse mpaka pamene yathera. Anakhalitsa pamenepo. Kenako anadzuka atagwira bondo.

"Ikani ya petulo."

Makaniko anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona kuti akuseka yekha anasiya.

"Ndi otomatiki yomwe?"

"Yomweyo. Mpando muusendeze kutsogolo, muukwezenso pang'ono. Chiwongolero chikhale chofewa, choti munthu n'kukhotetsa ndi dzanja limodzi."

"Ndiye kuti woyendetsayo ndi wamfupi."

"Wamfupi. Manja akenso si a ntchito imeneyi."

Makaniko anaponya diso kwa mayiyo, n'kulibweza msanga kwa sipanala yake.

Mayiyo chibadwire sanagwirepo chiwongolero, ndipo m'pikapumo malo ake anali a pawindo, dengu lili pamiyendo. Ana awo onse awiri ndi amuna, ataliatali ngati bambo wawo, ndipo ali kutali ndi magalimoto awoawo. Zimene wakhala akukana mumtima zinabwera zonse pamodzi. Mafoni amene bambowo amakayankhira kuseri kwa nyumba. Ulendo wa pa basi mwezi ndi mwezi, atavala malaya oyera. Mapepala opinda amene amawasunga m'thumba la jekete, jeketelo osalisiya pampando ngati kale. Ndipo sabata yatha anamudutsa pamsewu masana dzuwa likuswa mtengo, osamupatsa moni, ngati mkazi wa eni.

Mlamu wake anali atamuchenjeza kuti tambala wokalamba akayamba kudzikonza nthenga, kwinakwake kuli msoti. Iye anaseka tsiku limenelo.

Tsopano atani? Akalalate pamaso pa amakaniko, mawa dera lonse lidzamuimbe nyimbo? Apite kwawo, kumene makolo anatha kale ndipo nyumba inagwa? Munda ndi wa mwamuna. Ana akawaimbira adzangoti, "Amayi, pirirani." Anayang'ana pikapuyo. Mpando wa kumanzere unali udakali ndi chigamba chimene anasoka yekha ali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Anamuona m'maganizo mkazi wamfupiyo, wa manja osalala, akukwera nayo msewu wa kumunda, anthu akuima m'mizere kuti aone. Anafuna kuimirira n'kutuluka, koma anakhalabe pabenchipo.

Makaniko anati akufuna kuyeza ngati giyabokosiyo ikhala bwino pansi osadula chitsulo, ndipo analowa kunsi kwa galimoto ndi tepi yake. Panatsala awiriwo ndi fungo la oyilo wakale.

A Dizilo anabwera cha kubenchi, dzanja likutsata m'mphepete mwa tebulo la zida. Anakhala pansi, osati pafupi kwenikweni.

Mayiyo analankhula motsitsa mawu kuti wa kunsi kwa galimoto asamve.

"Bambo, zaka makumi atatu ndi zinayi sindinakuchititsenipo manyazi pagulu, ndipo sindiyamba lero. Ingondiuzani ndi pakamwa panu, ndisakamvere kwa anthu. Ndi ndani amene mukumukonzera galimoto yathuyi?"

Kunsi kwa pikapu tepi inalira ikubwerera m'chikopa chake. Bambowo atatembenuka, maso awo anaima pambali pang'ono pa nkhope yake.

"Ndi inuyo, mayi," anatero. "Adokotala akuti maso angawa akafika dzinja likubwerali ndi mwayi, ndipo opaleshoni siingathandize. Nkhope yanu ndinasiya kale kuiona bwino, koma msewu ndikuuzindikirabe, ndiye ndatsala ndi miyezi itatu yoti ndikuphunzitseni."