Ovila Wachiwiri

Ovila Gendron anapala ndere pakamwala ka pamanda ndi mpeni, n'kuwerenga dzina lake lomwe: Joseph Ovila Gendron. Mwana woikidwa pamenepo anamwalira ali ndi zaka zinayi, iye asanabadwe.

Anabwera kumanda a m'mudzi wa Saint-Pacôme kudzafufuza mayina a makolo, poti mdzukulu wake anamupempha. Azakhali ake a Délima, amene anamuperekeza, anali atatsamira ndodo yawo.

"Azakhali, mwamuna aliyense kuno anabatizidwa Joseph, koma Ovila ndine. Uyu ndani?"

"Mkulu wako. Anamira mumtsinje madzi oundana atasweka. Iwe utabadwa anakupatsa dzina lake, ndi zovala zomwe. Ndi mmene tinkachitira, dzina silinkatayidwa. Mpaka wachita imvi osadziwa, mbuli iwe?"

Ovila anapinda mpeni uja. Mayi ake sanamuikepo pamiyendo, sanamuyamikirepo. Chinthu chimodzi chokha ndicho Ovila ankasunga mumtima zaka zonsezi, ndipo ankachifotokozera ana ake.

"Koma tsiku lomwalira mayi anandiitana," anatero. "Inu munalipo. Anati, 'Ovila, mwana wanga, bwera.'"

"Ndinalipo."

"Ndiye kuti ankandikonda."

Azakhali anakonza mpango wawo, maso ali pakamwala paja.

"Tiye kunyumba, kwazizira."

"Ndiyankheni, azakhali."

"Iwe unali pambali pa bedi, utawagwira dzanja," anatero azakhaliwo. "Munthu amene wakugwira kale dzanja sumuuza kuti bwera. Maso awo anali kukhomo."