Dzanja la Pakhomo la Khitchini

"Zithunzi zatha koma nyimbo ikadalipo, bambo," anatero mayi wokonza mavidiyo, akuloza mpata wakuda pakompyuta. "Palibenso kena ka malemu?"

Mkuluyo anapukusa mutu. Amene anaitanitsa vidiyo yokumbukira mkazi wakeyi anali ana ake okhala kutali, omwe ngakhale foni saimba. Kanatsala kachidutswa kamodzi kakafupi ka vidiyo: mkaziyo ali pakhomo la khitchini, akukupiza dzanja.

"Ndiye ndikachedwetsa komweka kuti kakwane," anatero mayiyo.

Anayamba wakamvetsera yekha pa zomvera za m'makutu. Malemuwo ankakalipa: "Chokani apa ndi foni yanuyo! Mwasowa chochita?"

Anazimitsa mawuwo, n'kukoka kachidutswako mpaka mpata unatsekeka. Tsopano dzanja lija linkakwera pang'onopang'ono, n'kutsika mofatsa.

Mkuluyo anasendeza mpando pafupi.

"Taonani, akundikodola," ananong'ona. "Zaka zonse zija sanandiitanepo chonchi."

Mayiyo anati: "Pepani, bambo, mawu okha sanajambulike."

"Wojambula ndinali ine, mwanangu," anatero mkuluyo, maso ali padzanja lija. "Mawuwo asiyeni komwe mwawabisako. Ingobwerezani."